Sakitu, Mlomo wa Linga la Tazaruti

Sakitu anabadwa ndi mawu aakulu kuposa thupi lake. Bambo ake anamva kulirako ali kubusa, nathamangira kumudzi poganiza kuti kwabadwa chimphona. Atafika anapeza kanthu konga mbewa yonyowa kali pachikopa, kakamwa kali yasa. Anakayang'ana, kenaka anayang'ana mwana wawo woyamba, Ihimiri, amene anali ataima chete pakhomo ndodo ili m'manja. Anati, "Chabwino, mmodzi ndili naye kale." Anabwerera kubusa.

Kwathu kumapiri a Numidiya mwamuna amayesedwa pahatchi. Hatchi zathu sizidziwa chingwe kapena chitsulo pakamwa, umazikhotetsa ndi bondo basi, ndipo zimakumvera zikaona kuti ndiwe munthu. Ihimiri zinkamutsata ngati agalu. Sakitu zinkamugwetsa. Ina inamugwetsa isanayambe n'kuyenda komwe, ili chiimire ikudya udzu, ndipo anagwera m'ndowe atsikana akuona. Nkhaniyo inazungulira zitsime zonse za m'chigwa. Kuyambira pamenepo anamusiyira ntchito ya okalamba, yosoka matumba achikopa otungira madzi. Ankaitha. Thumba losokedwa ndi Sakitu silinkadontha. Koma ndani anayamba watamandidwapo chifukwa cha thumba losadontha? Wosoka amakumbukiridwa madzi akatayika.

Chimene mtima wake unkafuna chinali kukhala mlomo wa fuko.

M'chilimwe, mafuko awiri akakumana pachitsime chimodzi ndi ziweto zaludzu, sathamangira mikondo. Lililonse limatulutsa mlomo wake, munthu wodziwa kutukwana, ndipo awiriwo amaima wina uku wina uko n'kumanyozana anthu akuseka. Woyamba kusowa chonena, kapena kupsa mtima n'kutola mwala, wagonja, ndipo a kwawo amabweza ziweto. Koma mlomo saima yekha. Kumbuyo kwake kumaima wamagazi ake, kaya bambo, kaya mchimwene, dzanja lili paphewa pake, kusonyeza kuti mawuwo ali ndi eni ake. Wopanda dzanja paphewa, ngakhale alankhule zokoma chotani, amangoti ndi galu akuuwa.

Sakitu ankayeserera pa matumba ake akamasoka. Ankatukwana abulu, miyala, ngakhale mphepo. Chaka china mlomo wokalamba wa fuko atadwala chifuwa, mnyamatayo anapempha bambo ake kuti akaime kumbuyo kwake. Bambowo anati phewa lake n'lalifupi kwambiri, msana ungawapweteke powerama. Ihimiri anali pomwepo akusema ndodo ya nthungo. Sanakweze n'komwe mutu. Sakitu anawakhululukira bambo ake, poti bambo ndi bambo, koma kukhala chete kwa mkulu wakeyo anakusunga mumtima.

Makolo atamwalira, Sakitu anatsikira kunyanja ndi amalonda, akuwayendetsera abulu. Kumeneko anatola chilankhulo cha Aroma, osati chonse, koma mbali imene amalankhula oyendetsa abulu. Anabwerera ndi nsapato zong'ambika ndi matukwano atsopano, napeza kuti palibe anazindikira kuti anachokapo, kupatula Sidina, mkazi wa Ihimiri.

"Alamu, mwabwera?" anatero Sidina. "N'chifukwa chake nkhuku zasiya kuikira kuyambira dzulo. Zinakumverani muli kutsidya kwa phiri."

Anamupatsa mkate wabalere, nkhuyu zouma, ndi mulu wa matumba oti asoke.

Chaka chimene Aroma analowa m'mapiri, mafuko a m'chigwa anakwera kulinga la Tazaruti ndi ziweto, balere ndi ana. Lingalo linakhala pamwamba pa thanthwe ngati chisa cha chiombankhanga. Njira yokwerera inali imodzi, ya kumaso, yopapatiza moti abulu awiri sakanadutsana. Kumbuyo kunali phompho, thanthwe losalala lokhala ndi mng'alu umodzi mmene madzi a mvula ankatsikira. Aliyense ankati ngakhale mbuzi singakwere mmenemo. Komabe Masitalu, mkulu wa asilikali a m'lingamo, anaikako mlonda wamasana, ndipo anasankha Ihimiri, chifukwa ndi iye yekha akanatha kuyang'ana mwala tsiku lonse osatopa nawo.

Aroma anamanga misasa m'tsinde mwa phiri, nakumba ngalande kuizungulira. Akakwera ndi makwerero, anthu ankawagubuduzira miyala. Akamanga tinyumba tamatabwa tobisalamo panjira, ankawathira moto. Ntchito ya Sakitu inali kusenza madzi kupita nawo kwa amuna a pakhoma la kumaso.

Tsiku lina Aroma anabwera ataunjikana, zishango atazisanjika pamutu ndi m'mbali, akuyenda pang'onopang'ono. Pakhoma panali zii, mantha atagwira aliyense. Sakitu anatula thumba lake, nasuzumira, ndipo pakamwa panangotseguka pokha.

"Akamba inu! Mwabwera kudzaikira mazira? Mchenga uli kumtsinje, kuno n'kumiyala, aphwanyika!"

Mawuwo anagunda phiri la kutsidya n'kubwerera. Wina anaseka. Sakitu anabwereza m'chilankhulo cha Aroma, nawonjezera zina zokhudza amayi awo zimene anaphunzira kwa oyendetsa abulu. Msilikali mmodzi anatsitsa chishango kuti aone wolankhulayo, mwala n'kumupeza pachipumi. Khoma lonse linaphulika ndi chiseko, ndipo miyala ya tsiku limenelo inatsika mopepuka.

Mawa lake Masitalu anamuimika pamwamba pa chipata. "Matumba asenze ena," anatero. "Iwe uzingolankhula."

Ndiye analankhula, mwana wa munthu! Akaona Aroma akukumba ankafuula kuti, "Mwabwera kunkhondo kapena kudzatilimira? Mukamaliza apo, munda wa azakhali anga uli kutsidyako, koma amalipira ndi madeya!" Akaona miyendo yawo yopanda chovala ankawafunsa ngati alongo awo akudziwa kumene tinsalu tawo tapita. Akazi anayamba kumusungira chambiko chapamwamba. Amuna amene kale ankamuponyera thumba osamuyang'ana ankamusunthira pokhala. Ankamutcha mlomo wathu. Dzuwa likafika pamutu, linga lonse linkathamangira kukhoma la kumaso: opera ankasiya mphero, abusa ankasiya mbuzi, odwala ankapempha kunyamulidwa.

Aroma sankayankha. Ankangoima patali n'kumayang'ana mmwamba.

"Agonja amenewa," anthu ankatero. "Pachitsime chilichonse, anthu otukwanidwa chonchi akanabweza kale ziweto. Akungochita manyazi kunyamuka ife tikuona."

Palibe amene anaganizapo kuti alendowo sadziwa za chitsime. Sankamvera mawu ayi. Ankayang'ana mitu imene inkadzaza khomalo nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, n'kumadzifunsa kuti kwina konseko kwatsala ndani.

Kunkatsala Ihimiri. Sakitu akamalankhula maso ake ankayenda m'khamulo kufunafuna nkhope imodzi, koma sinkapezeka. Sidina ankakamusimbira mwamuna wake matukwano a tsikulo pomupititsira chakudya, ndipo Sakitu ankamudikirira panjira.

"Ati chiyani, alamu?"

"Ati mchere wachepa."

Kenaka tsiku lina, pakati pa Aroma panatuluka munthu wometa ndevu, wovala ngati iwo, koma kayendedwe kake kanali kathu. Kumbuyo kwake kunkabwera wina wofanana naye nkhope. Anaima pamene muvi sungafike, wachiwiriyo naika dzanja paphewa la woyambayo. Pakhoma panamveka mluzu ndi nthungululu. Mlomo! Aroma apeza mlomo!

"Ndine Yasuka wa kuchigwa cha kunyanja," anafuula m'chilankhulo chathu. "Ndamva kuti kuno kuli ng'ombe yaikulu imene ikusowetsa anthu tulo. Ndabwera kudzaiona, koma ndikungoona chiwala chili pachipata. Iwe, ng'ombeyo yapita kuti?"

"Yapita kukafuna ndevu zako!" anayankha Sakitu. "Unazigulitsa pamodzi ndi dzina la abambo ako, kapena dzinalo anakana kugula?"

"Si iwe kodi amene hatchi inakugwetsa ikudya udzu?"

"Ndine. Yanga inandigwetsa poyera. Zanuzo mumazimanga chitsulo pakamwa kuopa kuti zingaulule zimene mumachita m'misasamo!"

Anthu anagwirana m'mimba. Yasuka nayenso anaseka, kenaka anakweza dzanja ngati wakumbukira kanthu.

"Taima kaye. Ine ndikulankhula ndi ndani? Paphewa pakopo pali chiyani, ntchentche?"

Chiseko chinazima. Masitalu anayandikira mofulumira kuti aike dzanja lake.

"Ayi, ayi, bambo Masitalu, ndikukudziwani, si magazi anu amenewo! Iwe, uli ndi mkulu wako, Ihimiri wa hatchi yotuwa. Wamwalira? Kapena amachita nawe manyazi?"

Sakitu anafunafuna nkhope ya mkulu wake m'khamulo. Sanaione.

"Mawa dzuwa likafika pamutu ndidzabweranso," anatero Yasuka. "Ukadzakhala ndi dzanja tidzalankhulana ngati anthu, ndipo ukandigonjetsa, awa ndabwera nawowa adzapasula misasa. Alumbira. Ukadzakhala wekha ndidzakubweretsera fupa."

Dzuwa litapendeka Sakitu anapita kumbuyo kwa linga. Anapeza Ihimiri atakhala pamwala wake, nthungo ili pamiyendo, maso ali pamng'alu. Sidina anali pambali akumasula chakudya.

"Achimwene."

"Ndamva," anatero Ihimiri osatembenuka. "Mawu ako amafika kuno. Za mnzakoyo ndachita kuuzidwa ndi alamu akowa."

"Ndiye mubwera?"

"Ayi."

"Achimwene, akuti akagonja apasula misasa."

"Munthu ameneyo dzina langa walidziwa bwanji?"

"Ndani sakudziwani inu? Chigwa chonse chimakudziwani. Ine amandidziwa ndi ndowe."

"Munthu amene sindinadye naye akundifuniranji pakhoma la kumaso?"

"Ndi mwambo! Mwaiwala mwambo?"

Sidina analowerera. "Ndikaike langa dzanja, alamu? Ndimeta mbuzi ija ndevu, ndimata ndi utomoni, ndilankhula mobangula. Patali sangadziwe." Palibe anaseka. Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Silika, mwala uwu mwauyang'ana kuyambira balere asanaume. Wasuntha?"

"Sunasunthe chifukwa ndikuuyang'ana."

Sakitu anakhala pansi, pafumbi, kutsogolo kwa mkulu wake, kuti maso aja asowe kothawira.

"Tsiku lija ndinapempha abambo kuti akaime kumbuyo kwanga, inu munali pomwepo mukusema ndodo. Mukanangoti ndikaima ndine. Simunatero. Lero galu wa Aroma wandifunsa pamaso pa fuko lonse ngati mumachita nane manyazi, ndipo ine, amene sindisowa chonena, ndasowa chonena. Chifukwa yankho lake sindilidziwa, achimwene. Tandiuzani, mwina mawa ndikamuyankha."

Ihimiri anapukuta nsonga ya nthungo ndi chala chachikulu, ngakhale inalibe fumbi.

"Tsiku lija ndinkaopa kuti akakutukwana ukalira," anatero. "Unali wochepa."

"Nanga pano?"

"Pano ndiwe wochepabe. Undibweretsere munthu wamaso adzakhale pano. Wamaso, osati wamakutu. Iye akakhala pamwala uwu, ine ndikaima kumbuyo kwako."

Kutacha Sakitu anazungulira linga lonse kufuna munthuyo. Wina anati bondo likumupweteka, kumbuyo n'kutali. Wina anati, "Ndiphonye zimenezi chifukwa cha mng'alu? Adzukulu anga ndidzawauza kuti ndinali kuti?" Masitalu yemwe anangogwedeza dzanja nati miyala ilondere miyala inzake, tsiku limodzi silipha munthu. Pomaliza anapeza Yarini, msuweni wa Sidina, akudzola mafuta m'tsitsi.

"Ndipita, mlomo wathu, ndipita," anatero Yarini. "Ndimveko chiyambi chokha. Ukangomugwetsa koyamba, ine liwiro kumbuyo."

Sakitu anali atakhala moyo wake wonse m'mphepete mwa zitsime. Ankadziwa bwino kuti chiyambire palibe munthu anachokapo pakati pa matukwano. Ankadziwa. Koma dzuwa linali likukwera, ndipo kukhoma anali atayamba kuitana dzina lake.

Sakitu atafika kumbuyo, Ihimiri anayang'ana kuseri kwa mapewa a mng'ono wakeyo. "Ali kuti?"

"Yarini. Ali m'njira, akumanga nsapato."

"Wanena yekha kuti akubwera?"

"Wanena yekha."

Ihimiri anamuyang'ana m'maso, ndipo Sakitu sanaphethire. Mfuu wa kukhoma unkafika ngati mtsinje wosefukira. Mkuluyo anaimirira, nazika nthungo yake pakati pa miyala, napachikapo chofunda chake kuti wa kumunsi aziona ngati pali munthu kufikira Yarini atabwera. Anasuzumiranso mumng'alu kamodzi.

"Tiye," anatero. "Ukandichititsa manyazi ndikugwetsa pachipatapo."

Anthu anawapatukira njira. Atakwera pachipata, Sakitu anamva dzanja likutera paphewa pake, lolemera, lofunda, lokhakhala ngati khungwa. Anali atalota dzanja limenelo kuyambira ali mwana, koma sanadziwe kuti lidzamutalikitsa chonchi. Anadziona wamtali kuposa khoma.

"Taonani!" anafuula Yasuka ali kumunsi. "Chiwala chapeza mwini! Bambo Ihimiri, pepani, akulipirani zingati kuti muvomere kuti n'chanu?"

"Iwe wako uyo wamubwereka kuti?" anayankha Sakitu. "Mwafanana, inde, koma abulu onse amafanana. Tafunsani amayi anu, mwina akukumbukira!"

Zinayambika. Sakitu anatukwana ngati munthu amene wakhala akusunga mawu m'nkhokwe zaka zonse. Anatukwana chibwano chosalala cha Yasuka, nati ana a Aroma amachiyesa chinthu china akachiona chammbali. Anatukwana agogo ake, chitsime chakwawo, msuzi wonunkha wansomba umene ambuye ake amathira m'zakudya. Anamufunsa ngati Aroma amamupatsa fupa lathunthu kapena amayamba alitafuna okha. Khamu linkabangula. Akazi ankamenya miphika.

Yasuka ankabweza, koma mofooka, mozungulira, nthawi zina kubwereza zimene wanena kale. Mlomo wogonja amatuluka thukuta, mawu amamunjenjemera. Uyu anali phee, ngati munthu amene akudikirira mkate kuti upse. Ankati akayankha, maso ake n'kukwera kupitirira Sakitu, kupitirira chipata, kukafika kunsonga ya thanthwe. Tsiku lina lililonse Sakitu akanaziona zimenezo. Koma pakati pa mpikisanowo anamva dzanja lija likugwedezeka paphewa pake. Poyamba anayesa kuti mkulu wake wakwiya. Kenaka anamva kamawu kachilendo kumbuyo kwa khutu lake, kokhala ngati chitseko chakale chikutseguka. Ihimiri ankaseka.

Kuyambira pamenepo Sakitu sanaonenso kanthu.

"Pita ukawauze ambuye akowo," anafuula pomaliza, "kuti akatopa n'kukumba ngalande agonemo, ife tidzawakwirira mwaulere. Koma iwe sitidzakukwirira, chifukwa sitidziwa kolozetsa mutu wako. Kwanu n'kuti?"

Yasuka anayang'ananso mmwamba, kenaka anawerama, natola mwala, naukweza kuti onse auone. Wagonja.

Phokoso limene linabuka linathamangitsa mbalame m'mapiri onse. Amuna ankakumbatirana. Wina anakwera pamwamba pa khoma n'kuyamba kuvina, tsitsi likunyezimira ndi mafuta.

Dzanja lija linauma paphewa.

"Uyo ndi Yarini?" anafunsa Ihimiri motsitsa mawu.

"Achimwene..."

Dzanjalo linachoka. Sanamumenye, sanamutukwane, sanamuyang'ane n'komwe. Anadumpha pachipata n'kuyamba kukankha anthu, kuthamangira kumbuyo. Asanathe kudutsa khamulo, kumbuyoko kunalira lipenga la Aroma.

Ihimiri anakumana ndi Aroma pakanjira ka pakati pa maenje a balere, akutuluka kumng'alu mmodzi mmodzi, zingwe zili m'chiuno. Nthungo yake inali kutali, itanyamula chofunda. Amene anaona amati anamenyana ndi mwala wa mphero, ndipo anagwetsa woyambayo. Wachiwiri sanamugwetse.

Zotsalazo sizinachedwe. Anthu a pakhoma atatembenuka kuti aone lipengalo, a kumunsi anaimika makwerero. Dzuwa lisanapendeke, Tazaruti, linga limene silinagwepo chiyambire, linali la Aroma.

Aroma anamupeza Sakitu atabisala pansi pa mulu wa matumba ake. Msilikali anakweza lupanga, Sakitu n'kukuwa, ndipo msilikaliyo anaima, nayamba kuseka. Mawuwo anawazindikira. Anaitana anzake, namukokera kwa mkulu wawo, amene anali atakhala pachipata akupukuta khosi. Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, namusisita paphewa, nanena m'chilankhulo chawo kuti kamunthu aka kawagwirira ntchito kuposa makwerero onse, asakaphe. Mwa ogwidwa onse amene anali atakhala pansi pamenepo, Sakitu yekha ndiye anamva mawuwo. Koma dzanjalo onse analiona.

Yasuka anabwera akutafuna nkhuyu za m'lingamo.

"Wandigonjetsa ndithu, mbale wanga, sindikunama," anatero. "Ya hatchi yomangidwa pakamwa ija ndaitenga, ndikaigwiritsa ntchito kwathu."

"Munalumbira," anatero Sakitu, mawu atasanduka a kamwana. "Munati mudzapasula misasa."

"Nanga sukuona? Akupasula."

Potsika phirilo, otsala onse anawamanga chingwe chimodzi, akazi, ana ndi amuna ochepa, ulendo wa kumsika wa akapolo. Sakitu sanamumange. Asilikali anamukweza pabulu, namuveka nkhata ya udzu pamutu, namuyendetsa m'mbali mwa mzerewo kuti azisangalala naye. Anthu a kwawo ankayenda maso ali pansi. Palibe anamulavulira. Iye ankalakalaka wina atamulavulira.

Chapakati pa mzere anaona Sidina, mapazi akutuluka magazi, m'manja mulibe kanthu. Anayesa kutsika.

"Alamu, kwerani inu. Chonde, kwerani."

Sidina anakweza maso, namuyang'ana iye, bulu ndi nkhata ija.

"Khalani pomwepo, alamu," anatero, mawu ake ali ofewa ngati akumupatsa mkate. "Anthu akuoneni bwino."

Sanadzamuonenso.

Aroma anamutengera kumzinda wina wa kuchigwa, namusandutsa wolengeza pamsika. Lamulo latsopano likabwera, kapolo akathawa, bulu akasochera, Sakitu ankakwera pamwala n'kufuula m'zilankhulo ziwiri. Ankadya bwino. Anamupatsa kachipinda kuseri kwa khola la nyulu. Sanakwatire, ndipo singano yosokera sanaigwirenso. Anakalamba ali pamwala umenewo, thupi likunka lichepa, mawu osachepa.

Anthu a kumapiri ankatsikira kumsikako ndi zikopa ndi uchi, ndipo onse ankamudziwa. Ankamvetsera chilengezo mpaka kumapeto, kenaka n'kupitiriza malonda awo. Pazaka zonsezo palibe mmodzi anamutukwanapo, ngakhale woledzera. Kwathu umatukwana munthu amene ali ndi eni ake. Akawaona akubwera ankatsitsa mawu, mpaka woyang'anira msika amugwaze ndi ndodo kuti akweze.

Ife ana a kumapiri amene tinakulira mumzindawo tinamupeza ali nkhalamba yopanda mano. Asilikali atsopano akafika ankauzidwa za iye, ndipo masana akatentha ankamuitanira pamthunzi wa nyumba ya mowa kuti awasimbire za Tazaruti. Wolengeza sakana akaitanidwa. Ankaima patsogolo pawo manja ali kumbuyo, n'kusimba zonse mwadongosolo, za akamba, za ndevu, za hatchi, iwo akumenya matebulo ndi chiseko. Akafika pa mwala umene Yasuka anatola ankaima, n'kuyang'ana pansi.

Nthawi zonse pankapezeka mmodzi, wamng'ono pa onse, amene sanamvetse bwino.

"Ndiye zinatha bwanji, mdala? Unapambana kapena unagonja?"

"Ndinapambana, bwana," ankatero Sakitu.